KAPANGIDWE KA CHIZINDIKIRO CHA DZINA LAKO: ZIMENE TINGABWEREKE KWA ALEMBI A KU CHINA

Anzanga, pa sukulu yogonera monga yathu ino palibe mau amene timalemba kawirikawiri koposa maina athu. Timawalemba pa makope, pa mbale, pa ndowa, pa sutikesi, ngakhale m'khosi mwa malaya a yunifolomu, chifukwa pamene pali anthu mazana katundu amafanana ndipo sachedwa kusokonezeka. Koma kodi ndi angati mwa ife amene anakhalapo pansi ndi kulingalira za maonekedwe a dzinalo? M'nkhani ino ndifuna kufotokoza m'mene munthu angapangire chizindikiro cha dzina lake, ndiye kuti kalembedwe kamodzi kosasinthasintha kamene ali yense akakaona adziwe mwini wake asanathe n'kuwerenga komwe. Nzeru zambiri ndazitenga kwa alembi a ku China, pakuti akulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Kwa iwo ndatenga kagwiridwe ka nchito kokha, ndipo zilembo ndi dzina ndasunga zathu.

Chizindikiro cha dzina n'chiani?

Ife a ku Chiradzulu tiri ndi chitsanzo pafupi. Munthu akaona zilembo zitatu izi, P.I.M., safunsa kuti zikuimira chiani, chifukwa amadziwa kuti ndi mishoni ya ku Mbombwe imene John Chilembwe anayambitsa m'chaka cha 1900. Zilembo zitatuzo zanyamula mbiri yonse ya malowo. Ndiponso mukamayenda pa mseu wa ku Zomba, kupyola pa Njuli, pa Mbulumbuzi ndi pa Namadzi, mudzaona zikwangwani za magolosale, za osoka zobvala ndi za ometa tsitsi. Zina mumaziwerenga minibasi iri pa liwiro, pamene zina simungaziwerenge ngakhale mutaima pakhomo penipeni. Zowerengekazo n'zimene wolemba wake anayamba waganiza asanagwire burashi.

Chizindikiro chabwino chimayenera kukhala ndi zinthu zitatu. Choyamba, chiwerengeke msanga. Chachiwiri, mwini wake athe kuchilemba chimodzimodzi lero, mawa ndi chaka chamawa. Chachitatu, chisafanane ndi cha munthu wina.

Za kalembedwe ka ku China

Zilembo za Chitchaina si zachilendo kwenikweni m'maso mwathu. Timaziona pa makatoni a katundu m'masitolo a ku Limbe ndi pa timapepala tobwera ndi mawailesi ndi matochi. Dziko lathu linali pa ubale ndi Taiwan kuyambira 1966 kufikira kumapeto kwa 2007, pamene linayamba ubale ndi boma la ku Beijing, ndipo boma limenelo ndilo linathandiza kumanga Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe imene inatsegulidwa mu 2010. Pafupi ndi ife pano, ku Mapanga, kuli malo olerera ana a Amitofo Care Centre, kumene ana a Chimalawi amaphunzira kulankhula ndi kulemba Chitchaina.

Zilembo zimenezi ndi zakale ndithu. Zakale koposa zimene zinapezeka zinazokotedwa pa mafupa a ng'ombe ndi pa zigoba za akamba zaka zoposa 3,000 zapitazo, ku malo ochedwa Anyang, ndipo anthu ophunzira anayamba kuzizindikira m'chaka cha 1899. Mfumu Qin Shi Huang itagwirizanitsa dziko la China m'chaka cha 221 Khristu asanabadwe, inalamula kuti maiko onse amene inagonjetsa azilemba mofanana. Pepala nalonso linachokera komweko, ndipo mbiri imachula dzina la Cai Lun ndi chaka cha 105 pa nkhani ya kapangidwe kake.

Ife timalemba maliwu: p, h, i, r, i, ndipo tikawalumikiza timapeza mau. Iwo chilembo chimodzi chimanyamula liwu lathunthu ndi tanthauzo lake. Chilembo cha phiri, chimene amachichula kuti shan, ndi mizere itatu yoimirira pa mzere umodzi wogona, ndipo wapakati ndi wautali koposa inzake. Cha munthu, ren, ndi mizere iwiri yokha yonga miyendo ya munthu woyenda. Akalemba chilembo cha mtengo kawiri moyandikana, tanthauzo lake ndi nkhalango. Akaika munthu pambali pa mtengo, tanthauzo lake ndi kupumula. Komabe musaganize kuti zonse ndi zithunzi, pakuti zambiri zinapangidwa polumikiza mbali yonena tanthauzo ndi mbali yonena kachulidwe.

Kumeneko kulemba bwino amakuyesa luso lalikulu lolingana ndi kujambula zithunzi. Zida zake ndi zinai, zimene iwo amati ndizo chuma cha mlembi: burashi ya ubweya wa nyama yokhala ndi chogwirira cha nsungwi, inki youma yopangidwa ndi mwaye ndi guluu, mwala woperapo inkiyo pothira timadzi, ndi pepala. Mlembi wochuka koposa onse ndi Wang Xizhi. M'chaka cha 353 iye analemba mau oyamba a ndakatulo za anzake, ndipo m'mauwo chilembo chimodzi, zhi, chinabwera kokwanira 20, koma iye anachilemba mosiyanasiyana pali ponse. Nthano imati dziwe limene ankatsukiramo burashi yake linada bii chifukwa cha kuyeserera kwake. M'chaka cha 2009 bungwe la UNESCO linaika luso limeneli pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, mndandanda womwewo umene pali Gule Wamkulu.

Malamulo anai amene ndinatolapo

Loyamba ndi la mzere. Mlembi wa ku China amagwira burashi choimiritsa, osati chopendeketsa monga tigwirira bolopeni, ndipo amayendetsa mkono wonse. Akatsindika mzere umanenepa, akakweza umaonda. Motero mzere uli wonse uli ndi poyambira, pakati ndi pothera, ndipo akaulemba saubwerezanso kuti aukonze. Ophunzira amayeserera pa chilembo cha yong, chotanthauza muyaya, chifukwa m'menemo muli mitundu 8 ya mizere yofunika.

Lachiwiri ndi la ndondomeko. Chilembo chiri chonse chiri ndi njira yake: kuyambira pamwamba kutsika pansi, kuyambira kumanzere kunka kumanja, ndipo mzere wopingasa umayamba woimirira asanadze. Ichi ndicho chinsinsi cha kulemba chinthu chofanana nthawi zonse, pakuti dzanja likazolowera njira imodzi silisochera.

Lachitatu ndi la malo. Chilembo chiri chonse, kaya cha mizere iwiri kaya cha mizere 20, chimakhala m'kabokosi kofanana mbali zonse zinai. Ana a sukulu amayeserera pa mapepala a timabokosi togawidwa ndi mizere yopingasana, kuti aone ngati mbali ina yalemera koposa inzake. Iwo amasamala malo oyera otsala pakati pa mizere monga momwe amasamalira mizere yakuda. Mlimi amadziwa zimenezi, chifukwa chimanga chobzala mothithikana sichibereka.

Lachinai ndi la kuchepetsa. Chilembo cha kavalo m'kalembedwe kakale, kamene a ku Taiwan akali kugwiritsa nchito, chiri ndi mizere 10. Boma la ku Beijing litayamba kufewetsa zilembo mu 1956, chilembo chomwecho chinatsala ndi mizere 3 yokha, koma anthu amachizindikirabe. Chomwechonso dzina lako: chotsa chiri chonse chimene chingachoke dzina likali kuwerengeka.

Msampha woyenera kuupewa

Wina angaganize kuti njira yachidule ndi kupeza zilembo za Chitchaina zokongola pa intaneti ndi kuzikopera pa sutikesi yake. Ine ndikuti ai, ndipo zifukwa zanga ndi ziwiri. Choyamba n'chakuti a ku China akafuna kulemba dzina lachilendo amasankha zilembo chifukwa cha kachulidwe kokha. Dzina la dziko lathu amalilemba ndi zilembo zitatu zochulidwa ma, la, wei. Choyambacho pachokha ndi kavalo uja, chachiwiri ndi kukoka, ndipo chachitatu ndi kumanga pamodzi. M'menemo mulibe malawi a moto ngakhale pang'ono. Tsono munthu wokopera zimene sadziwa angathe kusenza mau oseketsa pa katundu wake zaka zinai osazindikira. Chifukwa chachiwiri n'chakuti chizindikiro chimene woyang'anira kogona, kondakitala wa basi ndi amai ako sangathe kuwerenga chalephera nchito yake.

Ndiponso si bwino kupotoza zilembo zathu kuti zioneke ngati za Chitchaina, pozipatsa timichira tosongoka ponseponse. Kutero ndi kungotsanzira maonekedwe osadziwa chifukwa chake, ndipo eni ake amakuona ngati chipongwe.

Tisaiwale kuti nafenso tiri ndi potunga. Ku mapiri a Chongoni ku Dedza kuli malo 127 amene makolo anajambula zizindikiro pa matanthwe, ndipo UNESCO inawavomereza mu 2006. Amai oumba mbiya amadziwa mbiya zao poona mizere imene analemba m'khosi mwake. Ndiponso a Nolence Mwangwego anayamba mu 1979 kupanga zilembo zolembera zinenero za m'Malawi, nazionetsa poyera mu 1997. Iwo ankati popeza mau akuti kulemba alimo m'chinenero chathu, luso la kulemba si la alendo okha.

Zida zimene tingapeze pano

Simufunika ndalama kuti muyambe. Burashi mungapange posasantha nsonga ya kansungwi kakawisi kufikira itafewa monga mswachi, kapena pomanga ubweya wa mbuzi kapena ulusi wa khonje ku kamtengo. Inki mungapange popala mwaye wa pa mphika kapena wa pa nyali ya koloboyi, ndi kuusakaniza ndi timadzi ndi kadontho ka guluu kapena utomoni wa mtengo. Kapangidwe kameneka sikasiyana kwambiri ndi ka eni ake, amene amatenga mwaye wa mitengo ya paini. Mapepala oyesererapo ndi manyuzipepala akale. Koma njira yosaononga kanthu ndi iyi: m'mapaki a ku China okalamba amalemba ndi madzi okha pa simenti, ndipo dzuwa likaumitsa amayambanso. Khonde la kalasi liri lonse lingakhale pepala lotere Loweruka masana.

M'mene ndinapangira changa

Mfunda wanga ndi Phiri, ndipo inu nonse mukudziwa kuti a Phiri pa sukulu pano tiripo ambiri, kotero kuti kungolemba dzinalo sikulekanitsa ndowa yanga ndi ya mnzanga. Nazi njira zimene ndinatsata.

1. Ndinalemba dzinalo ndi zilembo zazikulu ndi kuwerenga mizere yake. Ndinapeza kuti PHIRI liri ndi mizere yoimirira 6: umodzi pa P, iwiri pa H, umodzi pa I, umodzi pa R ndi umodzi pa I wotsiriza. Yozungulira ndi iwiri yokha, pa P ndi pa R. Choncho ndinadziwa kuti mphamvu ya dzinali iri m'mizere yoimirira.

2. Ndinafunsa tanthauzo la dzinalo. Apa ndinakumbukira chilembo cha shan, chimene mzere wake wapakati ndi wautali. Sindinakopere chilembocho, koma ndinatenga nzeru yake. Chilembo chapakati m'dzina langa ndi I, tsono ndinachitalikitsa koposa zonse. P ndinamuika wamfupi, H wokwererapo, I wapakati pansonga, R wotsikirapo, ndi I wotsiriza wamfupi ngati P. Munthu akayang'ana patali amaona mthunzi wa phiri, ndipo akayandikira amawerenga dzina.

3. Ndinaika mzere umodzi wonenepa pansi pa zilembo zonse, woyamba motsindika kumanzere ndi kuonda kunka kumanja. Umenewu ndi nthaka imene phirilo laimapo, ndipo umamanga zilembo zisanu kukhala chinthu chimodzi.

4. Ndinakhazikitsa ndondomeko: mizere yoimirira yonse poyamba, kuchokera kumanzere, kenaka yopingasa ndi yozungulira, ndipo potsiriza mzere wapansi. Ndondomekoyi sindiisintha.

5. Ndinalemba mitundu 20 yosiyana pang'onopang'ono, ndinasankhapo itatu, ndipo ndinaionetsa kwa anzanga a Fomu 1 amene sanadziwe cholinga changa. Ndinawaimika mapazi 10 kuchokera pa bolodi ndi kuwafunsa kuti awerenge. Umene onse anawerenga mosadodoma ndiwo ndinasunga.

6. Ndinauyesa pa ukulu uwiri: waung'ono wokwana pa chikhadabo cha chala chachikulu, ndi waukulu wodzaza chivundikiro cha sutikesi. Chizindikiro chimene chimafufutika chikachepa chiri ndi mizere yochuluka.

7. Potsiriza ndinayeserera kakhumi tsiku liri lonse kwa mwezi wathunthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dzina liri lonse liri ndi chinsinsi chake ngati mulipenyetsetsa. Mwa Mbewe, M ndi W ndi chilembo chimodzi chotembenuzidwa, ndipo mungazilembe zofanana ukulu kuti ziyankhane. Mwa Banda muli A awiri amene angaime monga madenga awiri. Chimwemwe liri ndi zilembo 9 zimene zimagawika patatu: CHI pamwamba, MWE pakati, MWE pansi, ndipo likatero limadzaza kabokosi kofanana mbali zonse monga chilembo cha Chitchaina.

Chidindo chofiira

Mlembi wa ku China akatsiriza nchito yake amadinda kachidindo kofiira kokhala ndi dzina lake, kozokotedwa pa mwala. Zidindozo ziri mitundu iwiri: pena amachotsa malo ozungulira zilembo kuti zilembo zituluke zofiira, pena amakumba zilembo zenizenizo kuti zituluke zoyera pakati pa kufiira. Pa masewera a Olympic a ku Beijing mu 2008, chizindikiro chao chinali chidindo chotere, chokhala ndi chilembo cha jing chokonzedwa ngati munthu wovina. Umenewu ndi umboni wakuti nzeru yakale ingathe kugwira nchito yatsopano.

Ife tingazokote chathu pa raba yofufutira, pa chidutswa cha patapata wakutha, kapena pa mbatata ya kachewere ngati tikungoyesa. Njira yachiwiri ija, yokumba zilembo, ndiyo yapafupi kwa woyamba. Kumbukirani kuti chidindo chimatembenuza zinthu, chakumanja chimadza kumanzere. Tsono lembani pa kapepala ndi pensulo yakuda kwambiri, kavundikireni pa raba, ndi kukhutiza kumbuyo kwake ndi chikhadabo. Zilembo zidzatsala pa raba zotembenuka kale. Zokotani pang'onopang'ono ndi nsonga ya kampasi kapena kampeni, mpeni ukuloza kutali ndi zala. Pa changa ndinaikapo P mmodzi pansi pa mthunzi wa phiri la Chiradzulu monga limaonekera munthu ali pa Njuli.

Kagwiritsidwe kake

Chizindikiro chimadziwika chifukwa cha kubwerezabwereza. Sankhani mitundu iwiri yokha, monga wakuda wa dzina ndi wofiira wa chidindo, ndipo musaisinthe. Sankhaninso malo amodzi: ine ndimaika changa pansi kudzanja lamanja, pa kope, pa envulopu ndi pa sutikesi pomwe. Musachizinge ndi maluwa, nyenyezi ndi mitima, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mukadzatsiriza sukulu, wina adzatsegula shopu ya ukalipentala, wina adzasoka zobvala, wina adzagulitsa nandolo kapena tomato m'mabokosi. Pamenepo chizindikiro chomwechi chidzakhala pa chikwangwani ndi pa risiti, ndipo ogula adzachidziwa monga adziwira nkhope yanu.

Chenjezo langa ndi ili: musasokoneze chizindikiro ndi siginecha. Chizindikiro ndi cha poyera, choti ali yense achione. Siginecha ndi ya ku banki, ya pa chiphaso cha unzika ndi ya pa mapepala a mayeso, ndipo iyenera kulembedwa ndi dzanja lanu nthawi zonse. Chidindo cha raba munthu angathe kuchiba kapena kuchibwereka, choncho musachigwiritse nchito pa ngongole kapena pa pangano liri lonse. Ambiri a ife agogo athu amadinda chala polandira ndalama kapena feteleza, chifukwa mwai wa sukulu sanaupeze. Ife amene taupeza tiyenera kulemba maina amene iwo anatipatsa mwaulemu ndi mosamala.

Nchito yoti muchite

Lembani dzina lanu ndi zilembo zazikulu, ndipo muwerenge mizere yoimirira, yopingasa ndi yozungulira. Funsani akulu kwanu tanthauzo la dzinalo ndi chifukwa chake anakupatsani. Kenaka jambulani mitundu 20, sankhani itatu, ndi kuiyesa pa mapazi 10 ndi pa chikhadabo. Ngati aphunzitsi athu angatilole, ndikupempha kuti zizindikiro zonse tidzazipachike pa bolodi la zidziwitso kumapeto kwa teremu ino popanda kulemba kalasi kapena nambala, kuti tione ngati anzathu adzatha kuloza mwini wa chiri chonse.

Wophunzira wa Fomu 3